Chithunzi cha pansalu cha Kulengedwa kwa Adamu: nyenyezi 4 mwa 5

Patha miyezi 3 chipachikireni chithunzichi pakhoma, ndiye tsopano ndikhoza kunenapo. Ndi kope la pansalu la chojambula cha Michelangelo chija chili kudenga la tchalitchi chotchedwa Sistine Chapel ku Vatican, denga lomwe analijambula kuyambira 1508 mpaka 1512 atatumidwa ndi Papa Julius II. Ndinasankha dala chathunthu, osati zija zongoonetsa manja awiri okha.

Sindinalakwitse. Ambiri maso awo amathera pa zala ziwiri zotsala pang'ono kukhudzana, koma mtima wa Mulungu uli pankhope ndi pathupi lonse, ndipo pansaluyi zatuluka bwino zedi. Ndevu zaimvi zikuuluka ngati wabwera ndi mphepo, mkono wamanja wautambasula mpaka kunsonga ya chala, maso ali pa Adamu osaphethira. Adamuyo wangotsamira chigongono, dzanja lili lende pabondo, chala chopindika ngati munthu amene tulo sitinamuthere. Wofunitsitsa kufikira mnzake apa ndi Mlengi, wolengedwayo akungolandira. Genesis 2:7 imati Mulungu anauzira mpweya wa moyo m'mphuno mwa munthu. Mpweya sujambulika, choncho Michelangelo anangosiya kampata kakang'ono pakati pa zalazo. Madzulo ena ndimangozindikira ndaima pomwepo, ndikuyang'ana kampatako, pemphero likubwera lokha.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha mapindidwe. Pokulunga nsalu pafelemu anapinda kwambiri mbali ya kumanja, mwakuti chofunda chofiira chozungulira Mulungu ndi angelo chinadukako. Zinandiwawa, poti mu 1990 dokotala Frank Meshberger analemba kuti chofundachi pamodzi ndi onse ali mkatimo chikufanana ndi ubongo wa munthu, ngati kunena kuti Mulungu akupereka nzeru pamodzi ndi moyo. Ndinkafuna ndizionetsa alendo zimenezi, koma pa changachi sizikuoneka bwino. Kansalu kobiriwira kolendewera pansi pa chofundacho nakonso kanada pang'ono.

Nsaluyo ndi yokhuthala, utoto sunasuluke, ndipo fumbi limachoka ndi kansalu kouma. Nditadandaula, ogulitsa anapepesa ndi kundiuza kuti amatha kusiya m'mphepete moyera kuti chithunzi chisapindike. Ngati mukugula, apempheni zimenezo asanasindikize, ndipo tengani chachikulu, chifukwa pachaching'ono nkhope ya Mulungu siioneka.