Minimoog Model D ya 2022: yabwino kwambiri, koma si ya aliyense

Kampani ya Moog inkapanga Minimoog Model D, synthesizer (chida choimbira cha makiyi chopanga mawu ndi magetsi), kuyambira 1970 mpaka 1981, ndipo inaibweretsanso mu 2016 ndi mu 2022. Ya 2022 inatuluka pa mtengo wa madola 4,999. Taigwiritsa ntchito mu situdiyo, ndipo tikuona kuti ndalama zambiri pamenepa zikulipirira kulimba ndi kudalirika kwa chipangizochi, osati kulira kwake kokha.

Mkati mwake simunasinthe kwenikweni: ma oscillator (zigawo zopanga mawu) atatu, fyuluta (yosefa mawuwo) ya ladder ya 24 dB ndi makiyi 44, ndipo imaliza noti imodzi yokha pa nthawi. Pa besi ndiye palibe chodandaula. Ikani ma oscillator awiri pa octave ya 16', yachitatu pa 32' yomwe ndi yotsikirapo, onse pa mtundu wa mawu wa sawtooth, kenako musunthe yachiwiri pang'ono chabe kuti isafanane ndendende ndi yoyamba. Chinsinsi chili pa mixer, pomwe mawu a ma oscillator amasakanikirana asanalowe mu fyuluta. Mukakweza oscillator iliyonse kupitirira pakati, fyuluta imalemedwa, mawu n'kunenepa ndi kukhakhala pang'ono. Mukafuna mawu osalala, musapitirire pa 5, pomwe ndi pakatipo. Chopotokolera cha External Input, pakakhala kuti simunalumikizepo kanthu, chimabweza mawu otuluka kuti alowenso mu mixer. Kwezani pang'onopang'ono, chifukwa sichichedwa kulusa.

Pa zimene anawonjezera, chothandiza kwambiri ndi LFO yapayokha, oscillator yoyenda pang'onopang'ono yomwe imanjenjemeretsa mawu (vibrato). Pa yakale, vibrato inkakudyerani oscillator yachitatu, koma pano onse atatu amakhalabe akulira. Palinso MIDI, njira yotumizirana noti ndi zida zina. Makiyi ake ndi a kampani ya Fatar, amamva velocity (liwiro limene mwamenyera kiyi) ndi aftertouch (kukanikizabe kiyi mutaimenya kale), ngakhale kuti zimenezi sizichita kanthu mpaka mutalumikiza waya kuchokera potulukira CV (magetsi owongolera mawu) kupita ku fyuluta kapena ku voliyumu.

Zovuta zilipo. Mukaiyatsa, ipatseni mphindi 15 kapena 20 kuti itenthe, kenako muichune ndi switch ya A-440, yomwe imaliza noti ya A yochunira. Mukathamangira kujambula, noti zimasuntha nyimbo ili mkati. Siisunga mawu amene mwakonza, choncho jambulani panelo ndi foni musanasinthe chilichonse. Ilibe USB, ndiye kuti ilankhulane ndi kompyuta pafunika MIDI interface. Imalemeranso pafupifupi makilogalamu 14.

Mukaiyerekeza ndi Minimoog yakale yogula kwa munthu, yatsopanoyi ikupambana. Yakale yatha zaka zoposa 40: timphira ta pansi pa makiyi timauma, makiyi n'kumagogoda kapena kukakamira, tiwaya ta ma contact timada, noti n'kumadukiza, ndipo ma capacitor a gawo la magetsi amafuna kusinthidwa. Wokonza wodziwa bwino ntchito imeneyi sapezeka paliponse.

Koma Behringer Model D, yomwe inatuluka mu 2018 pa madola pafupifupi 300, imatsanzira circuit yomweyi. Ilibe makiyi, zopotokolera zake ndi zazing'ono ndiponso zothithikana, koma besi yake ikalowa pakati pa ng'oma ndi magitala, ndi ochepa amene angaisiyanitse ndi ya Moog. Amene amangotumiza noti kuchokera pa kompyuta agule imeneyi.

Ya Moog ndi yoyenera woimba amene amaliza besi ndi lead ndi manja tsiku ndi tsiku, dzanja lamanzere lili pa cutoff (chopotokolera chotsegula ndi kutseka fyuluta), komanso amene ankaganiza kale zogula yakale. Ngati mumaimbira kwaya kapena bandi yofuna ma chord ndi kusintha mawu msanga pakati pa nyimbo, musaigule.