Mabuku a Mills & Boon a kaunjika: mwamuna wolamula amakoma pati?

Pamilu ya mabuku akale amene mavenda amayala m'tauni ya Blantyre ndi ku Limbe sipasowa timabuku tachikondi ta Mills & Boon. Kampaniyi inayamba ku London mu 1908, ndipo Harlequin ya ku Canada inaigula mu 1971, n'chifukwa chake mayina awiriwa amapezeka mulu umodzi. Amene mumakonda nkhani za mwamuna wolamula, fufuzani pachikuto mawu akuti Modern, kapena Presents likakhala la Harlequin.

Bukulo limakhala ndi masamba pafupifupi 190, loti n'kutha madzulo awiri. Mwamunayo kawirikawiri ndi mpondamatiki wa ku Greece kapena ku Italy, apo ayi kalonga wa m'chipululu. Safunsa maganizo a munthu. Ngongole ya banja la mtsikana amalipira tsiku lomwelo, mdani amamuthira mphepo ndi foni imodzi. Kwa mayi amene tsiku lonse wakhala akuwerengetsera za lendi, fizi ndi mayunitsi a magetsi, mwamuna wongoti "zisiye, ndithana nazo" ndi mpumulo ndithu.

Komabe pamene pagona nkhani si pa ukali wakewo. Ndi m'mitu iwiri yomaliza, pamene munthu woopedwa ndi aliyense amapezeka kuti sangakhale popanda mkaziyo, nadzichepetsa, napepesa ndi pakamwa pake. Mlembi waluso amabzala zimenezi kuyambira koyambirira: mkazi akakana, mwamuna amakwiya koma amaima pomwepo. Ukali wonse uja umasanduka mtengo wogulira kupepesako.

Apa m'pamene mabuku ambiri a zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amalephera. Nkhani imayenda m'maso mwa mkazi yekha, za mumtima mwa mwamuna sitizimva mpaka kumapeto. Timangoona akumukoka dzanja, kumunyoza, kumupsompsona mokakamiza, kenako tsamba limodzi n'kuti chinali chikondi. Zimenezo ndi nkhanza, ndipo kupepesa kwa mizere itatu sikuzifafaniza. Atsopano amapereka mbali zonse ziwiri, ndipo amaposa akalewo kutali. Chaka chimene bukulo linatuluka chimalembedwa kuseri kwa tsamba la mutu wa buku. Chioneni musanatulutse ndalama.

Onaninso tsamba lomaliza. Mabukuwa ndi omata ndi guluu, osati osoka, choncho guluu akauma masamba amathothoka, ngakhale a kumapeto, omwewo amene mukugulira bukulo. Litseguleni pakati pang'onopang'ono: msana ukalira, lisiyeni. Nthawi ya dzinja nunkhizani, chifukwa la chuku limaononga anzake pashelefu. Mukapeza lonenepa lokhala ndi nkhani zitatu m'chikuto chimodzi, nenererani limenelo.

Chingerezi chake n'chosavuta, koma a Modern amafotokoza za kuchipinda mosabisa. Musawasiye pomwe ana a sukulu amafikira.