Telala wa pakhonde ku Limbe amene anasoka zovala za mlongo wanga wopita ku mishoni

Ndalemba izi chifukwa amayi awiri kutchalitchi andifunsa kale kuti suti ija tinakasoketsa kuti. Ndi bambo wina wachikulire amene amasoka pakhonde la shopu chakufupi ndi msika wa Limbe, makina ake ndi a Singer opalasa ndi phazi aja, ndiye magetsi akazima ntchito siyiyima ayi.

Mlongo wanga ndi mzime kwathu, ali ndi zaka 19, ndipo kalata itabwera yoti akatumikire ngati mmishonale wa Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza ku Kumasi ku Ghana kwa miyezi 24 aliyense ankalulutira koma ine mtima unangoti myuu, mwana ameneyu ndamubereka kumbuyo ine, ndamuperekezapo ku sitandade 1 akulira. Ndiye ndinati zovala zisiyeni, ndilipira ndine.

Tinapita ndi nsalu ya suti, ya mathalauzi atatu, ndi mashati oyera ogula kukaunjika oti angowachepetsa. Bambowa sanathamangire tepi, anayamba afunsa kaye kuti mnyamatayu akupita kuti, kukatani. Atamva zoti ku Ghana nkotentha ndipo azikayenda wapansi tsiku lonse, anakana nsalu imodzi pamaso pathu, amvekere iyi ndi pulasitiki mayi, amupsetsa, kabwezeni. Zinandiwawa pang'ono poti ndinasankha ndekha koma ananena zoona. Tinawauzanso kuti baji yakuda ya amishonale yolembedwa Elder, dzina laulemu la amishonale aamuna, imakolekedwa pathumba la shati tsiku lililonse, iwo nkubwereza msoko pathumba lililonse kuti lisamalendewere.

Koma chimene chinandimaliza ndi ichi. Akumuyeza m'chiuno, choko chili kukhutu, anati ndisiya nsalu yambiri mkati kumbuyoku komanso kumiyendo popinda, mwana wa msinkhu uwu akadakula, akakanenepa akangopeza telala amasule. Ine ndinangotuluka panja kukaima pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi misozi ili mbwe, chifukwa mpamene zinandilowa kuti akakulira kutali ine osamuona, adzabwera ali bambo wina wake. Mlongo wangayo atandipeza anangoti asisi musatero, anthu akuona.

Zolakwika zilipo, ndisabise. Anatiuza Lachitatu koma tinakatenga Loweruka, maulendo awiri a minibasi opanda pake, ndipo foni sayankha akakhala pamakina. Batani limodzi la jekete linali logwedera ndinalimbitsa ndekha usiku womwe tinkapakira chikwama. Ndiye ngati tsiku lonyamuka layandikira apatseni masabata atatu osati imodzi, ndipo musalipire zonse poyamba, ife tinapereka theka pa Airtel Money theka potenga. Mtengo si wotchipa kwenikweni koma sukufika pa suti ya m'shopu, ndipo mapewa a jekete anakhala bwinobwino ngati anabadwa nayo.

Pa Chileka anavala suti yomweyo, amayi akumukonza tayi katatu konse. Anayamba kaye ku MTC, sukulu yophunzitsira amishonale, ku Accra kenako Kumasi. Mwayi wake kuyambira 2019 amishonale amaloledwa kuyimba kwawo sabata iliyonse pa tsiku lawo lokonzekera, ndiye Lolemba ndimakhala ndagula kale bandulo, foni ili m'manja. Sabata yatha anandionetsa pa vidiyo kuti fufu, chakudya cha kumeneko chonga nsima, wamuyanja, thalauzi imodzi wakamasulitsa kale m'chiuno, ndipo nsalu ija inakwanira ndithu.