Nangula wa mkombero: miyezi inayi tikumuponya m'magombe a Spain ndi Portugal

Usiku umene tinaganiza zosintha nangula tinali mu Ría de Camariñas (ría ndi pamene nyanja imalowa kumtunda m'chigwa cha mtsinje), kumpoto chakumadzulo kwa Spain, patangopita masiku awiri chichokereni ku A Coruña. Cha m'ma 2 koloko mphepo inatembenuka, foni n'kuyamba kulira kuti boti lachoka pamalo. Nditasuzumira panja ndinaona magetsi apadoko ali mbali imene madzulo kunali mdima wokhawokha. Boti linkabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, kulunjika kumiyala. Amuna anga analiza injini, ine ndinathamangira kumutu kwa boti, tochi ili kukamwa, kukakoka tcheni. Nangula anatuluka m'madzi ali mbee, wopanda ndi dothi lomwe. Ndiye kuti atazuka anangogona chammbali n'kumakhwekhwereka pansi ngati chikuni.

Anali wa mtundu wa pulawo, uja wokhala ndi mfundo yopinda pakhosi, kapangidwe ka m'ma 1930 kamene kasunga maboti osawerengeka. Sindikumunyoza. Wathuyo tinamupeza m'botimo pogula, mfundo itadyeka, nsonga itabuntha. Koma ulendo wathu unali wolowa kagombe aka, mawa kena, mpaka kum'mwera kwa Portugal, ndipo munthu sungayende miyezi inayi ukugona diso limodzi lili kunja.

Tili ku Ría de Muros tinagula wa mtundu watsopanowu. Alipo angapo a banja limeneli, monga Rocna amene anapangidwa ndi Peter Smith wa ku New Zealand, Manson Supreme ndi Mantus, ndipo onse mukawaona amafanana zinthu ziwiri: kumunsi kuli ngati fosholo yosongoka yoloweka m'kati, pamwamba pali mkombero wachitsulo ngati chogwirira ndowa. Wathu ndi wa makilogalamu 20, pa boti la matanga la mamita 11. Mkomberowo ndiye nkhani yonse. Nangula akagwa chagada kapena chammbali, mkombero sumulola kukhala choncho, umamugubuduza mpaka nsonga iloze pansi. Tcheni ikangokoka, fosholo ija imalowa m'dothi, ndipo mukamakoka kwambiri ndi pamene imamira kwambiri.

Ndinafuna kuona ndi maso anga, choncho ku zilumba za Islas Cíes, kukamwa kwa Ría de Vigo, kumene madzi ndi oyera moti mchenga umaoneka uli pamwamba, ndinavala magalasi osambira n'kutsata tcheni. Madzi ake ndi ozizira mobaya m'mafupa ngakhale mu Julaye. Pamchenga panali kamzere kosakwana mita imodzi pamene nangula anakanda asanagwire, kenako palibenso china chooneka koma nsonga ya mkombero, yotuluka ngati theka la chibangili. Thupi lonse linali m'mimba mwa mchenga. Ndinabwerera m'boti mano akugundana koma mtima uli m'malo. Mukafuna kukaimako, kumbukirani kuti zilumbazi zili m'dera lotetezedwa ndi boma, ndipo chilolezo choponya nangula chimapemphedwa musanafike.

Kugwira koyamba si kumene ndimamuyamikira nako kwambiri. Nangula aliyense wabwinobwino amagwira mumchenga mphepo ikamachokera mbali imodzi. Mayeso enieni ndi pamene boti lazungulira n'kuyamba kukoka chakumbuyo, monga zinatichitikira ku Camariñas. Apa ndi pamene tinamuonera bwino ku Culatra, mu Ria Formosa kufupi ndi Faro, kumene tinakhala masiku khumi ndi awiri. Kumeneko madzi amalowa ndi kutuluka mwamphamvu, ndipo pakangotha maola asanu ndi limodzi kapena kupitirira pang'ono, maboti onse amatembenuka pamodzi kuyang'ana kwina. Kanayi pa tsiku nangula amakokedwa mbali yatsopano. Kamzere ka GPS pafoni kanajambula kabwalo kamodzi komweko masiku onsewo, osatuluka. Usiku wachitatu ndinagona mpaka kunja kutayera, koyamba chichokereni ku A Coruña.

Komabe nangula sagwira yekha, ndipo izi ndikunena chifukwa ndaona anthu ogula chitsulo chabwino n'kumachiponya ngati mwala. Kutalika kwa tcheni kumawerengeredwa pa madzi akadzaza, osati pamene mwafika. M'magombe a Galicia madzi amatha kukwera mamita atatu ndi kuposerapo mwezi ukakhala wathunthu kapena watsopano. Mukafika madzi ataphwa, kuya kuli mamita 4, onjezanipo atatu amene akubwera, ndi imodzi ya kuchokera pamadzi kufika kumutu kwa boti. Apo ndi 8. Ife timachulukitsa kasanu, ndiye mamita 40 a tcheni. Timatsitsa pang'onopang'ono boti likubwerera m'mbuyo, kuti tcheni igone mowongoka, isaunjikane pamwamba pa nangula. Kenako injini chammbuyo, poyamba mofatsa, pambuyo pake mwamphamvu, ine dzanja lili patcheni. Ikamanjenjemera n'kumadumpha, nangula akukhwekhwereka. Ikauma gwa ngati ndodo n'kukhala chete, wagwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mphindi khumi zimenezi ndi zimene zimagula tulo ta usiku wonse. Pomaliza timakoleka chingwe cha nayiloni patcheni kuti chizimeza kugwedeza kwa mafunde, masana n'kupachika mpira wakuda, usiku nyali yoyera yooneka mbali zonse, monga malamulo apanyanja amanenera.

Ku Cascais, pafupi ndi Lisbon, mphepo ya kumpoto imene Apwitikizi amaitcha nortada inkauka masana aliwonse n'kumalira m'zingwe mpaka usiku. Tinaonjezera tcheni mamita khumi, basi. Sitinasunthe.

Zovuta zake zilipo, ndipo ndi za mtundu wonsewu. Walira mvula walira matope. Mu Ría de Arousa, pakati pa mazanamazana a nsanja zoyandama zimene amaweterapo nkhono zam'nyanja, pansi ndi matope akuda onata. Nangula amagwira bwino zedi, koma pomuzula amabwera ndi chibuma chodzaza fosholo yonse mpaka kumkombero, cholemera ngati nangula wachiwiri, chonunkha. Ndowa zisanu ndi burashi m'mawa uliwonse, ndipo mukachita ulesi matopewo amalowa m'bokosi la tcheni n'kumanunkhira m'chipinda chogona. Chibumacho chili ndi vuto linanso lalikulu: chikamatirira pakati pa fosholo ndi mkombero, nangula atazuka akhoza kulephera kulumanso. N'chifukwa chake m'matope otere, mphepo ikatembenuka mwamphamvu, ndimadzukabe kukayang'ana. Kumuzula nakonso kumafuna nzeru. Musalimbane naye ndi makina okokera tcheni, mungawaotche. Yendetsani boti mpaka tcheni iime chilili, dikirani mafunde anyamule mutu wa boti kawiri katatu, amasuka yekha.

Chachiwiri ndi malo ake kumutu kwa boti. Mkombero umadya malo, ndipo pa maboti ena umagunda zitsulo zotchinga kapena mtengo wotulukira kutsogolo. Musanagule, jambulani kukula kwake pakatoni, dulani, mukayeze. Ife tinachita kusuntha nyali imodzi.

Pamiyala ndi paudzu wothinana alibe matsenga. Nsonga yake imaboola udzu kuposa wakale uja, komabe ndimayang'ana kadera koyera ka mchenga ndisanaponye, ndipo si chifukwa cha kugwira kokha. Tcheni ikamasesa pansi imazula udzu umene nsomba zimaswanamo. Amene mukupitirira mpaka ku zilumba za Balearic, kum'mawa kwa Spain, dziwani kuti kuyambira 2018 kuponya nangula pa udzu wa posidonia n'koletsedwa kumeneko.

Ngati mumayenda kuchoka padoko lina kukamangirira padoko lina usiku uliwonse, nangula amene muli naye akhoza kukukwanirani, bola akhale wosadyeka. Koma ngati mtima wanu uli ngati wanga, wofuna kulowa m'timagombe mopanda mlatho womangirirapo, kuzimitsa injini n'kumamva madzi akunyambita m'mbali mwa boti, gulani wa mtundu umenewu, ndipo tchati cha opanga chikakuikani pakati pa masaizi awiri, tengani wamkuluyo. Wakale uja sitinamutaye, ali m'bokosi kumbuyo ngati wapadera. Watsopanoyu, patatha miyezi inayi, utoto wa zinki wayamba kufufutika kunsonga kokha kumene amalumira pansi, ndipo pini yolumikizira tcheni ndimaimanga ndi waya n'kuiyang'ana Lamlungu lililonse.