LibreCAD pojambula pulani ya holo ndi siteji: nyenyezi 4 mwa 5

Kwa anthu okonza maukwati, misonkhano ndi zoimbaimba kuno ku Mzuzu, pulogalamu yojambulira pulani iyenera kupambana pa mayeso awiri: igwire ntchito popanda intaneti, ndipo ipereke miyeso yeniyeni. LibreCAD imapambana pa onse awiri. Ndi yaulere, imalowa pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo laputopu yakale siimva kulemedwa nayo. SketchUp yaulere imaonetsa holo mu 3D mokongola, koma imagwirira pa browser, ndiye bandulo ikatha muli ku Luwinga ntchito yaima. Vectorworks Spotlight ndi ya akatswiri a siteji ndi magetsi, koma ndi yolipira ndipo imafuna kompyuta yamphamvu. Canva ndi yabwino pa makadi ndi maposita. Pulani yake ilibe sikelo, choncho mipando imakwana papepala pokha.

Ntchito imayambira pa tepi yoyezera. Yezani makoma onse anayi, kenaka yezani modutsa kuchokera pa ngodya ina kufika pa ina, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikasiyana, holoyo ndi yopendeka, ndipo mzere womaliza wa mipando udzagunda khoma. Lembaninso zitseko ndi mbali yomwe zimatsegukira, zipilala, mawindo ndi masoketi onse.

Mu LibreCAD sankhani mamilimita pa Current Drawing Preferences musanajambule mzere ngakhale umodzi. Khoma la mamita 20 mumangolilemba kuti @20000,0 m'malo molikoka ndi mouse, ndipo apa ndi pamene pulogalamuyi imandikhutiritsa kwambiri, chifukwa palibe zongoyerekeza ndi maso. Patulani malayer, magawo a pulani omwe mungaonetse kapena kubisa paokha: makoma, siteji, mipando, mawaya. Wa ma sound mumpatsa pepala la siteji ndi mawaya okha, wa dekoleshoni mumpatsa la mipando ndi matebulo, onse kuchokera pa pulani imodzi.

Mpando jambulani umodzi wokha, masentimita 50 mbali zonse, muusandutse block (chojambula chosungidwa kuti muzichiika mobwerezabwereza), kenaka muuike m'mizere pouza pulogalamu chiwerengero cha mizere ndi mpata wake. Mpata wa masentimita 90 kuchokera kumsana wa mpando kufika kumsana wa wina umalola munthu kudutsa ena ali chikhalire. Tengani holo ya mamita 20 ndi 12. Siteji itenge mamita 4, kutsogolo kwake musiye mamita 3 a perekani-perekani, kumbuyo mita imodzi ndi theka ya mixer ndi njira. Kwatsala mamita 11.5, omwe ndi mizere 12 yosapanikizana. M'lifupi, njira yapakati ya mita imodzi ndi theka ndi njira ziwiri zam'mbali za mita imodzi imodzi zimasiya malo a mipando 8 uku ndi 8 uko. Yonse pamodzi ndi 192. Komiti ya ukwati ikalemba makadi 300, pepala ili ndi lomwe limathetsa mkangano isanabwereke mipando. Ndipo malo a perekani-perekani musawadule ayi. Anthu akamavina moponda mawaya a masipika, MC ndi amene amavutika.

Matebulo ozungulira a mita imodzi ndi theka amakhala anthu 8, koma papulani muwajambulire bwalo la mamita 3, chifukwa mpando umakokedwera kumbuyo munthu akamakhala.

Pa layer ya mawaya lembani ma watt pambali pa chipangizo chilichonse. Pulagi yathu ya mano atatu imanyamula ma amp 13 pa ma volt 230, kutanthauza pafupifupi ma watt 3,000. Mukalumikiza ma amplifier, magetsi a siteji ndi ketulo ya a catering pa extension imodzi, fyuzi imapsa mwambo uli pakati. Jenereta muiike papulani panja, kutali ndi mawindo ndi khomo, chifukwa utsi wake umapha m'malo otsekeka. Za tenti, kumbukirani kuti zingwe ndi zikhomo zimatuluka kunja kwa denga. Jambulani pomwe zafika, osati denga lokha. Mvula ya kuno imachedwa kusiya, ndiye lembaninso mbali yomwe madzi amatsikira, mixer isakhale kumeneko.

Nyenyezi yachisanu ndaibweza pa zifukwa izi. Pulogalamuyi ilibe zithunzi zokonzeratu za masipika, ma truss (zitsulo zopachikapo magetsi) kapena magetsi a siteji, ndiye sabata yoyamba imathera pojambula ma block anu. Ilibe 3D, choncho singakuuzeni ngati wokhala mzere wa 12 adzaona akwati pa siteji yokwera masentimita 40 kuchokera pansi. Pamenepo Sweet Home 3D, yomwenso ndi yaulere ndipo siifuna intaneti, imathandiza. Mafayilo ake enieni ndi a DXF. Wojambula mapulani a nyumba akafuna kukutumizirani DWG ya AutoCAD, mupempheni aisunge ngati DXF, chifukwa DWG siitseguka bwino nthawi zonse. Manambala a miyeso nawonso amatuluka aang'ono kwambiri moti saoneka, mpaka mutasintha general scale pa Dimensions kukhala 100.

Posindikiza ndi pamene ambiri amaonongera ntchito yabwino. Pa sikelo ya 1:100, sentimita imodzi ndi mita imodzi, ndipo A4 imalandira holo yosapitirira mamita pafupifupi 27 ndi 19. Bwalo lokulirapo limafuna A3 kapena 1:200. Tulutsani PDF kuchokera pa Print Preview mutaika sikelo, ndipo kosindikizira muwauze kuti asasankhe Fit to page, chifukwa imachepetsa chilichonse mwakachetechete. Pansi pa pulani jambulani mzere wa mamita 5 ndi kuulemba. Pepala likatuluka, uyezeni ndi rula: pa 1:100 ukhale masentimita 5 ndendende musanachoke pa shopu.