Kubisa nambala poimba foni muli kunja: #31#, 141 kapena simukhadi yachiwiri?

Munthu amene wafika ku Johannesburg kapena ku London ndi simukhadi ya TNM kapena ya Airtel, ndipo akufuna kuimbira mwininyumba kapena wogulitsa galimoto popanda kumusiyira nambala yake, ali ndi njira zingapo. Njirazi zimaoneka zofanana mukakhala kwanu, koma zimasiyana kwambiri foni ikayamba kuyendera netiweki ya dziko lina.

Imene ndimaiika patsogolo ndi kulemba #31# kenako nambala yonse, kuyambira pa chizindikiro cha + ndi nambala ya dziko, monga +27 ya South Africa kapena +44 ya Britain. Mphamvu yake ndi yoti #31# si lamulo la dziko limodzi ayi, koma ndi gawo la malamulo a GSM amene mafoni a m'manja amatsatira pafupifupi kulikonse. Foni yeniyeniyo ndi imene imawerenga zizindikirozo n'kutumiza pempho lobisa nambala pamodzi ndi kuimbako, choncho netiweki imene mwaipeza kumeneko simafunika kumasulira manambala achilendo. Imagwira pa kuimba kumodzi kokha, ndipo ukonso ndi ubwino, chifukwa mukamaimbira mayi kumudzi mphindi yotsatira, nambala yanu imaoneka monga mwa masiku onse.

Manambala a 141 ndi *67 ndi ofooka kwa munthu wa paulendo. Woyambawo ndi wa ku Britain ndipo wachiwiriwo ndi wa ku United States ndi Canada, ndipo onse amatumizidwa ku netiweki ngati mbali ya nambala imene mukuimba. Mukakhala pa roaming, kutanthauza kugwiritsa ntchito simukhadi ya kwanu muli kunja, nthawi zambiri imene imalandira kuimba kwanu ndi kampani ya dziko limene mulilo, moti munthu wokhala ku Manchester amene wazolowera 141 akafika ku Lilongwe angapeze kuti foni sikulowa n'komwe. Zimasintha pang'ono mukaimba kudzera pa Wi-Fi calling, kumene ndi kuimba ndi nambala yanu podzera pa intaneti ya Wi-Fi, popeza pamenepo kuimbako kumabwerera ku netiweki ya kwanu ndipo malamulo a kwanu ndi amene amagwira.

Njira yachitatu ili m'kati mwa foni momwemo. Pa iPhone muli batani la Show My Caller ID, limene mumalizimitsa kuti nambala ibisike, ndipo pa Android muli malo olembedwa Caller ID m'makonzedwe a kuimba. Imabisa nambala pa kuimba kulikonse, koma makampani ena anaitseka, ndipo mafoni ena amalephera kuisintha muli kale kunja, choncho ndi bwino kuikonza musananyamuke. Vuto lake lalikulu ndi kuiwala kuibwezera mwakale. Anthu ambiri sayankha foni yolembedwa Private number, ndipo kuyambira pa iOS 13 mu 2019, iPhone ili ndi batani loletsa foni kulira akaimba anthu osadziwika, moti mukhoza kutha tsiku mukudabwa chifukwa chake achibale sakuyankha.

Njira zitatuzi zili ndi malire ofanana, ndipo pamenepa mpamene ndikufuna owerenga asamale. Nambala simachotsedwa, imangopakidwa chizindikiro choti isaonetsedwe, ndipo kuimba kodutsa m'malire a mayiko kumadzera m'makampani angapo amene ena sasunga chizindikirocho. Makampani a mafoni amaiona, a ngozi pa 112 kapena 999 amaiona, ndipo uthenga wa SMS umapita ndi nambala yanu nthawi zonse. Njirazi sizibisanso nambala mukaimba pa WhatsApp. Musanaimbire munthu amene simukufuna kuti akudziweni, yambani mwaimbira foni ya mnzanu muli m'dzikolo, muone chimene chikutuluka.

Ngati kubisako n'kofunika kwenikweni, monga kwa mayi amene akuthawa munthu womuzunza, ndimalangiza simukhadi yachiwiri kapena eSIM (simukhadi ya m'kati mwa foni yosachita kulowetsa) ya m'dzikolo. Simabisa nambala, koma imene ikuonekayo si yanu ya nthawi zonse, anthu amaiyankha mosavuta, ndipo nthawi zambiri kuimba m'dzikolo kumatsika mtengo poyerekeza ndi roaming. Ku South Africa mudzafunika pasipoti ndi umboni wa kumene mukukhala kuti muilembetse pansi pa RICA, lamulo la kumeneko lolembetsa masimukhadi, kutanthauza kuti kampani idzakudziwani ngakhale woimbiridwayo sakudziwani.