Kwa mestre kuseri kwa msika wa Ulongué amameta bwino, bola pasabuke nkhani ya ku New York

Anthu mwakhala mukundifunsa kuti masiku ano ndikumetetsa kuti, ndiye nayi. Ndi ka barbearia kaja kopenta buluu kuseri kwa msika wa Ulongué, pafupi ndi amayi ogulitsa mbatatesi, chikwangwani palibe timangoti kwa mestre.

Kumeta amameta, pamenepo sindingawanamizire. Mutu 50 meticais, ndi ndevu zomwe 80, ndipo ukakhala ulibe zapamanja amalandira pa M-Pesa kapena e-Mola osanyinyirika. Lezala amatsegula watsopano iwe ukuona, makina amapukuta ndi sipiliti, magetsi akathima ali ndi kasola ndi batire ndiye sungachoke ndi mutu wometa theka chifukwa cha magetsi. Benchi ndi lolimba ngati la kutchalitchi, galasi ndi long'aluka pakona, koma zimenezo ndi zazing'ono.

Chomwe chingakusiyeni ndi mutu wometa theka ndi pakamwa pa mestre. Loweruka ndinakhala pampando 9 koloko, ndinadzuka 10:30 itadutsa. Mnyamata wina pa benchi anatulutsa foni, kavidiyo ka pa WhatsApp, akuti onani madala chinyumba ichi ku America ndege sinachigunde koma chinagwa chokha, anachita kutchera mabomba. Mestre basi kuzimitsa makina, ine mbali imodzi mpala mbali ina tchire.

Nkhani yake ndi ya pa 11 September 2001 ku New York. Zinyumba ziwiri za World Trade Center, chilichonse cha nsanjika 110, zinagundidwa ndi ndege zomwe anthu a al-Qaeda analanda, yoyamba 8:46 m'mawa yachiwiri 9:03, kuno kunali kale masana cha m'ma 3 koloko. Anthu pafupifupi 3,000 anafa tsikulo. Koma cha mu vidiyo chija ndi chachitatu, amati Building 7, cha nsanjika 47, chomwe chinagwa 5:20 madzulo ndipo zoonadi ndege sinachikhudze.

Mestre akuti mafuta a ndege sangasungunule chitsulo, ndiye zinagwa bwanji, yankhani. Apa mpamene ndinakondwa kuti pa benchi panali bambo wina wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, anangoti mestre kodi wosula makasu amadikira kuti chitsulo chikhale madzi? Amangochifiiritsa pamakala nkuchipinda ngati nzimbe yowola. Ndipo ndi momwemodi, chitsulo chimasungunuka pa madigiri cha m'ma 1,500 koma chikangofika cha m'ma 600 chataya kale theka la mphamvu, tsono ngati chasenza nsanjika zambirimbiri pamwamba pake mukuganiza chichita bwanji.

Ineyo nkhaniyi ndinaiwerengako ndiye ndinalowerera, kulakwitsa kwanga kumeneko chifukwa makina anakhalabe chozima. Building 7 inagweredwa ndi zidutswa za chimodzi mwa zinyumba ziwiri zija, chakumpoto, chitagwa 10:28, moto unabuka nkuyaka pafupifupi maola 7 opanda wozimitsa poti mapaipi a madzi anali ataduka. Bungwe la boma la America lotchedwa NIST linatulutsa lipoti mu 2008 loti zitsulo zitatentha zinatanuka nkukankha mtanda wina kuuchotsa pomwe unakhala, mzati nambala 79 unatsala wopanda chougwira, unapindika, mkati monse nkugumuka kenako chikhoma chakunja nkutsatira. Mu vidiyo timangoona chakunjacho.

Koma mnyamata uja sanali wongobwebweta ayi, zina ananena zoona. NIST yomweyo inavomera kuti kwa masekondi 2.25 nyumbayo inatsika ngati mwala wogwera m'chitsime. BBC inalengezadi kuti yagwa isanagwe, mphindi pafupifupi 20. Ndipo mu 2020 a ku University of Alaska Fairbanks anatulutsa kafukufuku wotsutsa zoti ndi moto, ngakhale ndalama zake zinachokera ku gulu lomwe limakhulupirira kale za mabombazo. Za BBC ine sizindidabwitsa, ozimitsa moto anali ataona kale masana kuti nyumbayo yatupa mbali imodzi ndipo igwa, anachotsa anthu, nchifukwa chake simunafe munthu m'menemo. Mtolankhani anangomva zoti igwa nkuti yagwa, ngati momwe timaphera odwala pa WhatsApp akadali kuchipatala.

Chomwe chimandikanika kumeza pa za mabomba ndi phokoso. Amene munakhalako ku Moatize mukudziwa akamaphulitsa ku mgodi wa malasha, mawindo amanjenjemera uli kutali. Ndiye mudule mizati ya chinyumba cha nsanjika 47 pakati pa tauni makamera ali mbwee osamveka? Komanso ku São Paulo pa 1 May 2018 chinyumba cha nsanjika 24 chinagwa ndi moto basi.

Madala ena pakona anali chete nthawi yonseyi, anangoti ana inu, ife ndege ya pulezidenti wathu Samora Machel inagwa ku Mbuzini ku South Africa mu October 1986 ndipo malipoti analembedwa, kodi mitima inakhazikika? Apo tonse zii, ngakhale ine ndinalibe poyankha, ndinamvetsa chifukwa chake mestre lipoti la boma lililonse amaliyang'ana cham'mbali.

Anamaliza kundimeta akulankhulabe, ndipo kufika kunyumba mayi a ana akuti kodi kuseri kwa khutuku mwasiyira mbewu? Kanali katsitsi kotsala. Ndinabwerera Lolemba, anakonza ulere nkupepesa, pamenepo ndawapatsa ulemu. Pa 10 ndikuwapatsa 7. Pitani pakati pa sabata m'mawa benchi lilibe anthu, mphindi 20 mwatuluka, ndipo mukaona wina akutulutsa foni inu nenani msanga kuti mestre minibasi ikundisiya.